Dona, Ng'ombe Imene Inadula Ubale ku Kamphinda

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Sumangogwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Pamakhala munthu amene anayamba kuunena, ndipo kawirikawiri munthuyo amaunena mtima ukuwawa. Ine ndinaphunzitsa sukulu zaka zambiri m'mudzi wa Kamphinda, kumapiri kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera, ndipo kumeneko kuli mwambi umene anthu amaunena motsitsa mawu. A kwina amati mwambiwo ndi wakale kuposa mudziwo. Sindikangana nawo. Ine ndikuuzani mmene a ku Kamphinda amaufotokozera, chifukwa eni ake a nkhaniyi ndinawaona ndi maso angawa.

M'mudzimo munali bambo wina dzina lake Faliyoti Kamtedza. Unyamata wake wonse anathera pa esiteti ina, akukama ng'ombe za eni malowo. Atatopa ndi ntchito anabwerera kwawo, ndipo sanabwere chimanjamanja. Anafika akukoka msoti wa ng'ombe yamkaka, umene abwana ake anamupatsa potsazikana.

Msotiwo unali wosiyana ndi ng'ombe zonse zimene anthu a ku Kamphinda anazizolowera. Unalibe linunda. Unali wautali, wamsana wowongoka, wamawanga akuda ndi oyera, ubweya wake uli see ngati wodzola mafuta. Poyenda unkaponda mosamala ngati ukuopa kuda mapazi, choncho amayi a pachitsime anautcha Dona, ndipo dzinalo linakhazikika. Dona atabereka koyamba, anthu anabwera kudzaonerera kukama. Chidebe chinadzadza. Anabweretsa china, nachonso chinafika pakati. Nkhalamba zinagwira pakamwa.

Musaganize kuti Faliyoti anali munthu wouma mtima. Anali wopatsa ndithu, ndipo kupatsa kwakeko ndi kumene kumachititsa kuti nkhaniyi iwawe. Anasonkhanitsa anansi ake n'kuyambitsa gulu la alimi a mkaka. Pangano linali lakuti thole lalikazi likabadwa lizipita ku banja lina, nalonso likadzabereka lipatsire lina. Ana ndi zidzukulu za Dona zinafalikira choncho m'makola a m'mudzimo, zina mpaka zinawoloka mtsinje kupita ku midzi yakutali. Nyumba zaudzu zinayamba kusanduka zamalata. Ana a m'kalasi mwanga amene kale ankasinza ndi njala ananenepa masaya.

Faliyoti ndiye anali wapampando wa gululo, komanso ndiye anali sing'anga wake. Ku esiteti kuja anaonera kubaya jakisoni, ndipo anabwerako ndi jakisoni wachitsulo ndi singano yake imodzi, kasowo kodulira nyanga, ndi chida choboolera makutu. Zonsezi ankazisunga m'chitini. Tsiku lobaya likafika ankayambira m'khola mwake kumtunda kwa mudzi, kwa Dona, chifukwa ankati mfumukazi sidya makombo. Akachoka apo ankangopukuta singanoyo pa thalauza n'kulowa khola lina, kenako lina, mpaka kumapeto kwa mudzi. Thole likabadwa lofooka, mwini wake ankathamangira kwa Faliyoti ndi botolo kukapempha mkaka wa Dona, makamaka woyamba uja wachikasu.

"Limwe mphamvu za agogo ake," ankatero Faliyoti akuseka, ndipo sankamana munthu.

Tsono Faliyoti anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Elube. Elube anali wamasiye, ndipo ankakhala kumunsi kwa mudzi ndi mwana wake wamkazi, Dailesi. Mwamuna wake pomwalira anamusiyira ng'ombe zamakolo zochepa chabe, zazing'ono, zamalinunda, zanyanga zokhota. Mkaka wake sunkadzadza ngakhale kapu yaikulu, koma zinkalima, zinkakoka ngolo, ndipo zinkadzipezera zokha msipu kudambo. Elube sanalowe m'gulu. Si kuti ankadziwa kanthu kamene ena sankakadziwa ayi. Anangoona kuti alibe mphamvu zomwetera nsenjere m'mawa ndi madzulo, komanso ankazikonda ng'ombe zakezo chifukwa iliyonse inali ndi dzina limene malemu mwamuna wake anaipatsa.

Chaka china nkhupakupa zinachuluka, ndipo a m'gulu anagwirizana kuti ng'ombe iliyonse yomwa mumtsinje wa Kamphinda ibayidwe. Faliyoti anayambira kwa Dona monga mwa masiku onse, ndipo dzuwa likupendeka anafika pa khola la mlongo wake ali ndi amuna angapo onyamula zingwe.

Elube anatuluka akupukuta manja pa chitenje.

"Achimwene, ng'ombe zanga sizikudwala. Mukuzibayiranji?"

"Make Dailesi, ng'ombe zakozi zimamwa madzi amodzi ndi zathu. Taziona nthiti zili mbee! Matenda akadzafuna kulowa m'mudzi muno, khomo lake ndi khola lakoli."

"Ndi mmene zinabadwira. Bambo ake a Dailesi anazisiya zili chomwechi, ndipo sizinagonepo pansi."

"Alamu anga anapita," anayankha Faliyoti. "Mwini mbumba pano ndine. Ukufuna anthu azinena kuti wapampando amalamula mudzi wonse koma akulephera mlongo wake? Tsekulani khola, anyamata."

Anazibaya imodziimodzi ndi singano yomwe ija. Atamaliza, Faliyoti anayang'ana nyanga zija n'kupukusa mutu. Anati tsiku lina zidzaboola mimba ya ng'ombe yamkaka kudambo. Anatulutsa kasowo, komwe m'mawa mwake kanadula nyanga za mdzukulu wa Dona, magazi akale atauma m'mano mwake. Ng'ombe zinalira, magazi anayenderera kumaso kwake, ndipo Elube anakhala pansi n'kudziphimba kumutu ndi chitenje. Ng'ombe imodzi yokha, yaikazi yolusa imene ankaitcha Mtopola, inali itathyola kale mtengo wa khola n'kuthawira kuthengo singano isanaifike. Inabwera patapita masiku, nyanga zake zili zonse, ndipo palibe amene anafunanso kulimbana nayo.

Zitatha izi panapita zaka zabata. Mkaka unkayenda, njinga zinkatsika phiri m'mamawa zitanyamula zigubu, ndipo Faliyoti ankapatsidwa mpando wakutsogolo pa ukwati uliwonse.

Kenako ng'ombe ya mayi wina wotchedwa Nampinga, imene inali mwana woyamba wa Dona, inayamba kuwonda. Inkadya madeya bwinobwino koma thupi linkangotha. Mkaka unachepa. Patsogolo pa phewa panatuluka chotupa cholimba ngati mwala, china m'mbali mwa mimba. Faliyoti anaibaya, anaibayanso, ndipo pofuna kuteteza zinzake anazungulira makola onse ndi singano yomweyo. Sizinathandize. Tsiku lina miyendo yakumbuyo inakana, ng'ombeyo inagwa osadzukanso. Ataing'amba anapeza m'kati muli zotupa zotuwa, ndipo anaikwirira.

Ena anati aitane dokotala wa ziweto wa ku boma. Faliyoti anakana.

"Kuboma n'kutali, ndipo akabwera adzatseka mkaka wathu," anatero. "Ine ndakalambira m'khola. Chimenechi ndichithetsa."

Patapita miyezi, ng'ombe ina inayamba kuwonda m'khola lina. Kenako inadwala ng'ombe yapangolo ya Elube, ndipo iyi inaopsa anthu kwambiri chifukwa diso lake linatuzuka, kutuluka panja ngati likufuna kugwa. Ana ankaithawa panjira. Apa ndi pamene manong'onong'o anayamba. Ena anati matendawa achokera kwa ng'ombe zowonda zija. Ena anapitirira pamenepo, anati Elube ali ndi nsanje poona anzake akufolera malata, ndipo waponya mankhwala mumtsinje.

Anamuitana pamalo osonkhanitsira mkaka. Anakhala yekha pansi, gulu lonse lili pa mabenchi. Nampinga ndiye anayamba, ndipo ankayankhula akulira, chifukwa ng'ombe ija inali chuma chake chonse.

"Mayi awa anakana kulowa m'gulu. Anakana jakisoni. Lero ana anga akumwa tiyi wopanda mkaka, iwo ali phee! Atiuze chimene tinawalakwira."

"Nane yanga ikufa," anayankha Elube. "Kodi munthu amawotcha nyumba ya mnzake poyambira ndi yake?"

"Mfiti imayamba kudya mwana wake kuti anthu asaiganizire!" wina anakuwa kumbuyo.

Elube anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achimwene, tinayamwa bere limodzi. Mukundidziwa. Auzeni anthuwa."

Faliyoti anayang'ana anthu amene anamupatsa mpando, n'kuyang'ananso mlongo wake. Anazunguza chipewa m'manja.

"Za ufiti ine sindikudziwa," anatero potsiriza. "Chimene ndikudziwa ndi ng'ombe. Pitani mukamuone Dona. Wakula, wabereka kambirimbiri, koma sanatsokomolepo. Mtundu wake ndi woyera. Tsono matendawa achokera kuti? Maso tili nawo tonse. Kuyambira lero ng'ombe za make Dailesi zisapondenso kudambo, zisamwenso mumtsinje."

Ana inu, ng'ombe yoletsedwa msipu ndi madzi ndi ng'ombe yakufa kale, ndipo mwini wake naye wauzidwa kuti achoke ngakhale mawuwo sanatchulidwe. Elube anamanga katundu. Anakusa ng'ombe zake zotsala, Dailesi ali pambuyo atasenza mtolo, n'kukwera phiri kupita kuseri kwake, kudera la miyala kumene kunali abale a malemu mwamuna wake. Palibe amene anamuperekeza. Mnyamata amene anali atafunsira Dailesi anatumiza ankhoswe ake kukanena kuti waganiza zina. Munda wa Elube, umene mayi ake anamusiyira, sunagone chaka. Faliyoti anadzalamo nsenjere.

Kuseri kwa phiri kunali kouma. Ng'ombe yotuzuka diso ija inafera m'njira. Ina inafa chilimwe chotsatira ndi njala. Elube ankaphwanya miyala n'kumagulitsa kwa omanga nyumba, manja ake mpaka anang'ambika, ndipo mbiri ya ufiti inamutsatira komweko. Amayi akamuona akubwera pachitsime ankavundikira ndowa zawo.

Ku Kamphinda anthu anayembekeza kuti zinthu zikhala bwino. Sizinatero. Chaka chilichonse pankapezeka khola lolira. Si ng'ombe zonse zimene zinkadwala ayi. Zambiri zinkaoneka zabwinobwino, kenako imodzi n'kuyamba kuwonda popanda chifukwa. Anthu sanafune kuganiza kawiri. Anangoti Elube anachoka atakwirira mankhwala ake.

Ndiye inafika nthawi yoti amange chiliza pa manda a mayi awo a Faliyoti ndi Elube. Mwambo woterewu sungachitike mwana wamkazi wa malemu kulibe, choncho Faliyoti anatumiza uthenga kuseri kwa phiri. Iye anakonzeka kwambiri. Anaitana abale a kutali, a mpingo, ndi alimi a midzi yonse imene inalandirako mathole. Ndipo analengeza chinthu chimene chinadabwitsa anthu. Dona anali atakalamba, mkaka wake unali utachepa, ngakhale thupi linali likadali see. Faliyoti anati amupha pa tsikulo.

"Mayi anga sindingawaphere mbuzi," anatero. "Ndiwapatsa chinthu chimene ndimachikonda kuposa zonse."

Elube anafika m'mawa wa tsikulo, mapazi ali mbuu ndi fumbi, atanyamula kaufa m'kansalu kuti naye aponyepo dzanja pa mwambo wa mayi ake. Anapita kumene amayi ankaphika. Macheza anaduka. Mmodzi analandira kaufako ndi nsonga za zala n'kukaika patali ndi ufa wina.

"Mwatopa ndi ulendo, make Dailesi. Kakhaleni uko mupume. Ntchito tiithe ndife."

Anamvetsa tanthauzo lake. Anapita kukakhala yekha pansi pa mkuyu umene unali m'mbali mwa njira ya kumanda. Inali nyengo yake, ndipo nkhuyu zakupsa, zofiira, zinali mbwee pansi. Palibe amene anamupatsa ngakhale chikho cha thobwa.

Pafupi ndi mtengo womwewo ndi pamene amuna anasankha kuphera ng'ombe. Anabwera naye Dona akuyenda pang'onopang'ono, khamu la anthu lili pambuyo. Wozinga anali a Sumaili, Msilamu wa pamsika, amene ankaitanidwa pa zochitika zonse kuti nyama idyedwe ndi aliyense. Anapemphera, anazinga, amuna anasenda chikopa. Mafuta anaoneka achikasu, ndipo anthu anayamba kumeza malovu.

"Mwaona?" anatero Faliyoti, mawu ake ali okwera kuti amveke mpaka pansi pa mtengo. "Ng'ombe yosamalidwa imaoneka chonchi."

A Sumaili anang'amba mimba. Analowetsa dzanja, n'kuima. Analowetsanso, n'kukoka matumbo pang'onopang'ono kuwayala pa masamba a nthochi. M'mbali mwa matumbo monse munali zotupa zotuwa, zina ngati mazira a nkhuku, zina ngati chibakera. Chifu chinali chokhuthala, cholimba. Atatsekula chifuwa n'kutulutsa mtima, mbali ina ya mtimawo inali yotuwa, yamabampu, yosaoneka ngati nyama.

Phokoso lonse linatha. Nampinga anadzipanikiza pakati pa amuna, anawerama, n'kuyang'anitsitsa.

"Izi ndi zomwe zinali mwa yanga ija," ananena motsitsa. "Zomwezi ndithu."

A Sumaili anapukuta mpeni wawo pa udzu.

"A Kamtedza, nyama iyi ine sindigawa."

"Dulani poipapo mutaye," anatero Faliyoti. "Anthu abwera kuchokera kutali."

"Ndidule pati, bambo? Paliponse pamene ndagwira pali chotupa. Ng'ombeyi yayenda nazo nthawi yaitali."

Ngakhale pamenepo panapezeka munthu wina kumbuyo amene ananong'ona kuti si uyo wabwera lero, wabwera nazo. Elube anamva. Nthawi yonseyi anali atakhala pansi pa mkuyu paja, ali ndi nkhuyu imodzi m'manja imene anatola kuti aphe njala. Anaimirira. Anthu anapatuka okha, ndipo anayenda mpaka pamene panali mtima wa Dona. Anauyang'ana, n'kuyang'ana mlongo wake.

"Ndabwera nazo lero? Zakula m'mawa uno, ine ndili pansi pa mtengo apo?"

Kenako anapitiriza, maso ali pa Faliyoti.

"Achimwene, munandithamangitsa chifukwa ng'ombe zanga zinkaoneka nthiti. Nthiti zinali panja, aliyense ankaziona. Munati, pitani mukamuone Dona. Lero tamuona."

Anakweza nkhuyu ija. Inali yofiira bwino, yosalala, yopanda banga. Anaibanthula pakati ndi zala zake zong'ambika zija, ndipo nyerere zinatuluka piringupiringu, zikuyenderera m'manja mwake. Sanazisase. Anaponya zibanthu zonse ziwiri pa mapazi a Faliyoti.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero Elube, "m'kati muli nyerere."

Atatero anatembenuka n'kupita yekha kumanda. Anagwada pa chiliza cha mayi ake kanthawi, anadzuka, n'kutenga njira ya kuphiri osatsazika munthu. Amuna aja anamukumbira Dona dzenje lakuya n'kumukwirira yense, ndi chikopa chomwe. Alendo a kutali aja anadyera nyemba, ndipo ambiri ananyamuka mapemphero asanathe.

Tsopano Faliyoti sakanathanso kuletsa. A m'gulu anapita okha kuboma, ndipo kunabwera dokotala wa ziweto, mayi wamfupi wovala jombo. Anazungulira makola onse akutenga magazi, ndipo anthu anadabwa kuona kuti ng'ombe iliyonse ankaitsekulira singano yatsopano. Anawoloka mtsinje kupita ku midzi imene inalandira mathole, n'kukweranso phiri kukafika kwa Elube. Patapita masabata anabwerera n'kusonkhanitsa anthu pamalo pomwe paja anaweruzira Elube.

"Matendawa ndi khansa ya m'magazi ya ng'ombe," anatero dokotalayo. "Imayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala m'magazi. Ng'ombe ikakatenga imakhala nako moyo wake wonse. Zambiri sizionetsa chizindikiro chilichonse. Zimadya, zimabereka, zimatulutsa mkaka, koma zikupatsira zinzake. Ndi zochepa zimene zimadzatuluka zotupa, ndipo zimatero patapita zaka. Mankhwala ake kulibe."

"Kamayenda mumtsinje?" anafunsa Nampinga.

"Ayi mayi, si m'madzi. Kamayenda ndi magazi, ngakhale kadontho kosaoneka. Ntchentche zoluma zimatha kukanyamula. Thole limatha kukatengera m'mimba mwa make kapena mumkaka. Koma njira yake yaikulu ndi manja athu. Singano imodzi pa ng'ombe zambiri. Sowo yodulira nyanga yosatsukidwa. Chida choboolera makutu. Kodi kuno amabaya ndani?"

Palibe anatchula dzina. Mitu yokha ndi imene inatembenuka.

Dokotalayo anapitiriza mosakweza mawu. Anati mathole a Dona amene anapita kutsidya kwa mtsinje, amene sanakumanepo ndi ng'ombe za Elube, ambiri anapezeka nako kachiromboko. Anati kwa Elube kwatsala ng'ombe ziwiri. Yodulidwa nyanga ili nako. Yanyanga ija, Mtopola, imene inathawa singano ndi sowo, magazi ake ndi oyera.

"Sindinganene kuti kanayambira pati kalekale," anamaliza. "Koma m'mudzi muno matendawa sanachokere kumunsi kukwera kumtunda. Anachokera kumtunda kutsikira kumunsi."

Anawalangiza kuti apatule zodwala ndi zabwino, asapatsiranenso mathole osayezedwa, asagawanenso mkaka woyamba, ndipo chida chilichonse chokhudza magazi aziwiritsa kapena kusintha. Koma zopatula zinali zochepa. Makola ambiri anapezeka kuti ng'ombe zonse zili nako. Gulu linatha pang'onopang'ono. Makola ena anasanduka mosungira nkhuni.

Faliyoti anakalamba mwezi umodzi. Palibe amene anamuthamangitsa, chifukwa aliyense ankadziwa kuti anamugwirirako chingwe ndipo anakapemphako mkaka ndi botolo. Anangosiya kumupatsa mpando. Tsiku lina anavala jekete lake n'kukwera phiri. Anamupeza Elube atakhala pa mulu wa miyala, nyundo ili m'manja. Anavula chipewa n'kukhala pansi chapatali, ngati mlendo.

"Mlongo wanga, ndabwera."

"Ndakuonani."

"Ndinalakwa. Sindinkadziwa. Ndinkayesa ndikuthandiza anthu."

Elube anaphwanya mwala wina asanayankhe.

"Za singano sindikukuimbani mlandu, achimwene. Simunkadziwa, nanenso sindinkadziwa. Koma tsiku lija pa mabenchi paja sindinakufunseni za ng'ombe. Ndinati, mukundidziwa, auzeni anthuwa. Icho munkachidziwa."

Faliyoti anawerama.

"Bwerera kumudzi. Nsenjere ndizula, munda ndi wako. Ndikupatsanso msoti, uyambirepo."

"Msoti wa mimba ya yani?"

M'khola mwa Faliyoti munalibe ng'ombe imene sinali ya mtundu wa Dona.

"Dailesi ali kutauni, akuchapa zovala za ana a eni ake," anatero Elube. "Zaka zimene akanamanga banja zinathera pa miyala pano. Zimenezo muzizula bwanji? Pitani bwino, achimwene. Dzuwa likapendeka njira ya phirili imavuta."

Anatolanso nyundo yake. Faliyoti anakhala kanthawi akumva kugogoda kwa miyala, kenako anavala chipewa n'kutsika. Elube sanabwererenso ku Kamphinda. Atamwalira anaikidwa komweko kuseri kwa phiri, kutali ndi manda a mayi ake, chifukwa iye mwini ndi amene anatero.

Kuchokera pa tsiku la chiliza lija, mawu a Elube anatsala pakamwa pa anthu: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tanthauzo lake, ana inu, ndi lakuti maso amaona khungu lokha. Chinthu chikhoza kusalala kunja, chikhoza kukoma pochiyang'ana, pamene m'kati mwake muli chimene chingakuwonongeni. Tsono musanameze, banthulani. Mukamagula chiweto musakhutire ndi kunenepa kwake, muyezetse magazi. Munthu akabwera ndi mawu otsekemera ndi nsapato zowala, muyambe mwaona ntchito zake. Ndipo vuto likagwa pakati panu, musathamangire kuloza wosauka ndi wowonda chifukwa choti ndiye wosavuta kumuloza, pamene wonenepa mukumupatsa mpando.

Anthu ambiri akamanena mwambiwu amaganiza kuti ukungochenjeza wadyera, kuti asalumidwe lilime. A ku Kamphinda amadziwa kuti umapitirira pamenepo. Faliyoti ndiye anatola nkhuyu, mudzi wonse unaiyamikira, koma amene nyerere zinamuluma mpaka kumanda ndi mlongo wake, amene sanalaweko n'komwe.